KODI KOMPYUTA YOKWERA MTENGO NDIYO YOYENERA KUGULA?

Nyengo ya malonda ikafika, mtedza ndi soya zitagulidwa, makomiti ambiri a makopaletivi, a sukulu ndi a mipingo amakhala pansi napangana zogula kompyuta. Alipo enanso, anyamata ndi atsikana, amene afuna kutsegula kaofesi pa msika wa kwao kolembera anthu makalata ndi kusindikiza mapepala. Maganizo amenewa ngabwino ndithu. Koma bvuto limayamba pamene mlembi ndi msungi-chuma alowa m'sitolo ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Mzuzu. M'menemo amapeza makompyuta awiri ali pa thebulo limodzi, maonekedwe ache ofanana, koma ina mtengo wache uposa inzache kawiri kapena katatu. Wogulitsa amaloza yodulayo nati, "Tengani iyi bambo, ndiyo yamphamvu."

Ndarama zimene anthu awiriwa anyamula si zao. Nza alimi amene analima ndi khasu nasenza matumba pamutu, ndipo pa msonkhano wotsatira adzafunsa mmene zinayendera. Akagula yotsika mtengo nionongeka chaka chisanathe, adzanenedwa kuti anagula chinthu chachabe. Akagula yodula, ndarama ya pulinta ndi mapepala nisowa, adzanenedwa kuti anamwaza chuma cha gulu. Nkhani ino talemba kuti ithandize anthu otere. Tikunena za kompyuta ya pa thebulo, ija iri ndi bokosi lache, sikirini yache ndi kiyibodi yache payokha, imene ogulitsa amaitcha desktop.

YAMBANI MWAFUNSA ZA NCHITO

Munthu wofuna kupita ndi thumba limodzi la chimanga ku chigayo sagula lole. Njinga imkwanira. Koma wonyamula mabelo a fodya kupita nao ku Kanengo sangadalire njinga. Lole ndi njinga zonse nzabwino, chosiyana ndi katundu. Momwemonso ndi kompyuta. Musanafunse mtengo, lembani pa pepala nchito zonse zimene makinawo adzagwira.

Nchito zambiri za m'maofesi a kumudzi nzopepuka kwa kompyuta. Kulemba makalata ndi maminitsi a msonkhano, kusunga maina a mamembala, kuwerengera ndarama zolowa ndi zoturuka, kulemba mayeso a ana a sukulu, kutumiza imelo ndi kusindikiza mapepala, zonsezi kompyuta ya mtengo wapakati imazichita bwino lomwe. Mukalemba kalata pa kompyuta yodula, kalatayo siituruka msanga kuposa pa inzache, pakuti chochedwa ndi zala za wolembayo.

Ziripo nchito zina zolemetsa. Kukonza makanema a ukwati ndi a zinkhoswe, kujambula nyimbo za kwaya zokhala ndi mau ndi zoimbira zambiri, kujambula mapulani a nyumba, ndiponso masewera a makono a pa kompyuta, izi zimafuna makina amphamvu. Mnyamata wokonza makanema akagula kompyuta yofooka, nchito ya ola limodzi idzamtengera tsiku lonse, ndipo eni ukwati adzapita kwa wina. Kwa munthu wotere ndarama yoonjezayo imabwera yokha. Koma komiti yosunga maina a alimi 200 siidzaona phindu lache ngakhale pang'ono.

ZIMENE ZIRI M'KATI MWA BOKOSI

Akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mtengo wa kompyuta suchokera pa kunyezimira kwa bokosi, koma pa zipangizo zinai zimene ziri m'katimo. Kuti muzimvetse, ganizirani za ofesi ya kalaliki.

Choyamba ndi purosesa. Ameneyu ndiye kalaliki mwini wache, wowerengera ndi kuganiza. Amapangidwa makamaka ndi makampani awiri a ku America, Intel ndi AMD.

Chachiwiri ndi RAM. Iyi iri ngati thebulo la kalaliki. Thebulo likachepa, kalaliki ayenera kuchotsa buku lina asanatsegule lina, ndipo nchito imachedwa ngakhale iye akhale wochenjera. RAM imayesedwa ndi muyeso wochedwa GB. Pa nchito za mu ofesi masiku ano 8 GB ndiyo yoyambira. Ya 4 GB idzakutopetsani. Ya 16 GB njofunika kwa okonza makanema, ndipo kwa ena imangopatsa malo opumira.

Chachitatu ndi chosungiramo zinthu, chimene chiri ngati kabati ya mafailo. Chiripo cha mitundu iwiri. Chakale ndi hard disk, m'mene muli mbale zachitsulo zozungulira, kawirikawiri maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi imodzi, ndi kamkono kowerenga pa mbalezo. Chatsopano ndi SSD, m'mene mulibe kanthu kozungulira. SSD wamba imathamanga kuposa hard disk katatu kapena kupitirira, ndipo pofunafuna timafailo ting'onoting'ono imaiposa kutalitali. Kompyuta ya hard disk mukaiyatsa mungadikire mphindi yathunthu kapena ziwiri isanakonzeke, pamene ya SSD imadzuka musanakhale bwino pa mpando. Chinanso nchakuti SSD siiopa kugwedezeka monga hard disk, ndipo ichi nchachikuru kwa makina amene adzayenda pa minibasi ndi pa njinga yamoto m'miseu ya mabampu.

Chachinai ndi graphics card, chipangizo chojambula zithunzi zoyenda. Pa makompyuta a masewera, chimenechi nthawi zambiri ndicho chimadya ndarama koposa zina zonse. Makompyuta a mu ofesi sachifuna, chifukwa purosesa wao ali kale ndi mbali yoonetsa zithunzi imene ikwanira kulemba, kuwerengera ndi kuonera kanema.

MUSANYENGEDWE NDI DZINA LA i7

Pa bokosi pamamatidwa kapepala kolembedwa Core i3, Core i5 kapena Core i7. Anthu ambiri anamva kuti i7 ndiye wamkuru, ndipo ogulitsa ena amakweza mtengo chifukwa cha kapepala kameneka. Nzoona kuti pa mapurosesa obadwa chaka chimodzi, i7 aposa i5 ndipo i5 aposa i3. Koma mapurosesa ali ndi mibadwo yao monga anthu, ndipo nkhalamba ya dzina lalikuru siingapambane mnyamata pa liwiro.

Mbadwo umadziwika ndi nambala yotsatira dzinalo. Nambala ikakhala ya malemba anai, loyamba ndilo mbadwo. Ikakhala ya malemba asanu, awiri oyambawo. Motero i7-3770 ngwa mbadwo wa 3, woturuka m'chaka cha 2012. Koma i3-12100 ngwa mbadwo wa 12, wa m'chaka cha 2022, ndipo ngakhale dzina lache ndi i3, amamsiya kutali i7 wakaleyo. Wogulitsa akangoti "ndi i7" osachula nambala yonse, mfunseni kuti akuonetseni. Kuyambira kumapeto kwa 2023 kampani ya Intel inayambanso maina ena monga Core Ultra 5 ndi Core Ultra 7, ndipo awa ngatsopano. A AMD amachula ao Ryzen 3, Ryzen 5 ndi Ryzen 7.

Mbadwo ngwofunika pa chifukwa chinanso. Makompyuta ambiri kuno kwathu amayendera Windows, ya kampani ya Microsoft. Pa 14 Okutobala 2025 kampaniyi inaleka kusamala Windows 10 monga inkachitira kale, kutanthauza kuti mipata imene akuba a pa intaneti amalowera siitsekedwanso mwa nthawi zonse. Yolowa m'malo mwache ndi Windows 11, imene inaturuka m'chaka cha 2021. Koma Windows 11 siibvomera makina onse. Imafuna purosesa wa Intel wa mbadwo wa 8 kapena woposa apo, ndiye kuti wa 2017 kudza kuno, kapena Ryzen wa nambala za 2000 kupita m'tsogolo, pamodzi ndi kachipangizo ka chitetezo kochedwa TPM 2.0. Tsono pakakhala makompyuta awiri, ina ya mbadwo wa 6 yotsika mtengo, ina ya mbadwo wa 8 kapena wa 10 yokwererapo, apa ndarama yoonjezayo njoyenera kulipira, makamaka ngati makinawo adzalumikizidwa ku intaneti kapena kusunga za ndarama za gulu.

Amene ali nayo kale kompyuta yakale asaitaye. Munthu wodziwa angaikemo Linux Mint kapena Ubuntu m'malo mwa Windows, pamodzi ndi LibreOffice yolembera ndi kuwerengera. Zonsezi nzaulere ndipo nzololedwa.

PAMENE NDARAMA YOONJEZA IPINDULA NDI PAMENE ITAYIKA

Mwa zimene tafotokozazi mungaone kuti yankho siliri inde kapena iai. Kuchoka pa kompyuta yotsikitsitsa mtengo kufika pa ya pakati, ndarama iri yonse imene muonjeza imagula chinthu chimene mudzachimva tsiku ndi tsiku: SSD m'malo mwa hard disk, 8 GB m'malo mwa 4 GB, purosesa wa mbadwo wolandira Windows 11, ndi pepala la waranti lolonjeza kuti makina akaonongeka m'miyezi yakuti adzakonzedwa kapena kusinthidwa. Koma kuchoka pa ya pakati kufika pa yodulitsitsa, ndaramayo imagula graphics card yaikuru, bokosi la galasi, nyale za mitundumitundu ndi mphamvu imene mlembi wa kopaletivi sadzaigwiritsa nchito.

Ziripo zina zimene kompyuta yodula siingathe kukuchitirani. Siingafulumizitse intaneti. Ngati kwanu netiweki ya TNM kapena ya Airtel imabvuta, idzabvutabe ngakhale mugule makina a mtengo wa ng'ombe zisanu. Siingaphunzitse mlembi wanu kulemba. Siingaletse mbala kuthyola zenera. Ndiponso siingapulumutse mabuku anu a ndarama ngati simunawasunge pena, pakuti chosungiramo chiri chonse tsiku lina chimafa, chodula ndi chotsika mtengo chomwe.

Kumbukiraninso kuti ubwino wa kompyuta ya pa thebulo ngwakuti bokosi lache limatseguka. RAM ikachepa mungaonjezere chaka cha mawa mutagulitsa mbeu. Hard disk mungaichotse ndi kuikamo SSD. Chifukwa chache sikofunika kulipiriratu lero mphamvu imene muganiza kuti mwina mudzaifuna zaka zisanu zikudzazo. Pogula funsani ngati muli malo oonjezera RAM.

GANIZIRANI ZA MAGETSI A KWANU

Kompyuta ya pa thebulo iribe batire. Magetsi akathima, nayonso imathima pomwepo, ndipo zimene munalemba osasunga zapita. Kuthima kotere kukachuruka kumaononga mafailo, ndipo magetsi obwera mwamphamvu atathima angapsereze zipangizo za m'kati. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Mu Januwale 2022 namondwe wochedwa Ana anaononga damu la ku Kapichira, ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kufikira makinawo anayambanso m'chaka cha 2023. Onse amene anali pa nchito nthawi imeneyo akukumbukira mmene magetsi ankathimira.

Chifukwa cha ichi, musanaganize zoonjeza ndarama pa kompyuta, patulani ya UPS. Aka ndi kabokosi kokhala ndi batire kamene kamaikidwa pakati pa soketi ndi kompyuta. Magetsi akathima kamalira, nikakupatsani mphindi zowerengeka zakuti musunge nchito yanu ndi kuzimitsa makina mwaulemu. Batire lache limatha pakapita zaka zingapo ndipo liyenera kusinthidwa. Kompyuta ya mtengo wapakati yokhala ndi UPS idzakhalitsa kuposa yodula yolumikizidwa ku khoma chabe. Koma mvula ya ziphaliwali ikayamba, zulani mapulagi onse, pakuti palibe kabokosi kamene kangaimitse mphenzi.

Kudya kwa magetsi nakonso kumasiyana. Kompyuta ya mu ofesi pamodzi ndi sikirini yache tinene kuti idya ma watt 80. Ikayaka maola 6 pa tsiku, masiku 25 pa mwezi, ndiwo mayunitsi 12. Ya graphics card yaikuru, pamene iri pa nchito yolemetsa, ingadye ma watt 350 kapena kuposa, ndipo pa maola omwewo ndiwo mayunitsi opitirira 50. Kwa amene adalira sola kusiyanaku nkwakukuru koposa, chifukwa makina akuru amafuna mapanelo ambiri, mabatire akuru ndi inveta yaikuru, ndipo izi zingadule kuposa kompyuta yeniyeniyo. Kumene magetsi a ESCOM sanafike, nkwanzeru kuganizira za laputopu kapena timakompyuta ting'onoting'ono ta pa thebulo tochedwa mini PC, timene timadya magetsi ochepa kwambiri.

NANGA ZOGWIRITSIDWAPO KALE NCHITO?

M'masitolo ambiri a m'tauni muli makompyuta amene anagwirapo nchito m'maofesi a maiko akunja, monga Dell OptiPlex, HP ProDesk kapena EliteDesk, ndi Lenovo ThinkCentre. Makina amenewa anapangidwira kuyaka tsiku lonse mu ofesi, ngolimba, ndipo amisiri a kuno amawadziwa, zipangizo zache nzosasowa. Yotere ikakhala ya mbadwo wa 8 kapena woposa, ya 8 GB ndi SSD ya 256 GB kapena kuposa, ikwanira nchito zonse za kopaletivi kapena za ofesi ya sukulu, pa mtengo wochepera wa yatsopano.

Koma chenjerani pa zinthu ziwiri. Choyamba, yakale iribe waranti ya kampani yoipanga, choncho mudalira mau a mwini sitolo. Mauwo alembedwe. Chachiwiri, magetsi a kuno ndi a mavoti 230, pamene a ku America ndi a 120. Makompyuta ena akale ali ndi kaswichi kofiira kumbuyo kolembedwa 115 ndi 230. Kakakhala pa 115 inu nimulumikiza ku soketi ya kuno, mudzamva kuphulika ndi kununkha utsi. Yang'anani kumbuyo musanayatse.

WERENGANI MTENGO WA PA CHAKA

Makompyuta onse amachokera kunja, ndipo mitengo yache imatsata ndarama zakunja. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, katundu wotere anakwera nthawi yomweyo. Choncho sitingakulembereni mitengo ya m'sitolo. Manambala otsatirawa ngongoyerekeza, kuti muone kawerengedwe kache. Inu muikemo mitengo imene mwaipeza.

Tiyerekeze kuti pali makompyuta atatu. Yoyamba nja K450,000, yakale kwambiri, ya hard disk, ndipo muyembekeza kuti idzakutumikirani zaka 2. Pa chaka ndiye K225,000. Yachiwiri nja K750,000, ya SSD ndi Windows 11, yoti ikhale zaka 5. Pa chaka ndiye K150,000. Yachitatu nja K2,100,000, ya masewera, yoti ikhale zaka 6. Pa chaka ndiye K350,000. Taonani tsono: yotsika mtengo pa tsiku logula siiri yotsika pa chaka, ndipo yodulitsitsa, ngakhale ikhalitse, idya ndarama zoposa kawiri za yachiwiri pogwira nchito imodzimodziyo.

Funsaninso kuti ndarama yotsalayo ikanagula chiani. Pa chitsanzo chathu, komiti yosankha yachiwiri m'malo mwa yachitatu yatsala ndi K1,350,000. M'menemo muturuke UPS, pulinta ndi inki yache, mapepala, mafulashi awiri osungiramo mabuku a gulu, chitseko cholimba, ndiponso malipiro a maphunziro a mlembi ndi womthandiza wache. Ofesi yokhala ndi zonsezi idzagwira nchito. Ofesi yokhala ndi kompyuta yodula yokha idzapitabe ku tauni kukasindikiza kalata.

PA TSIKU LOGULA

Safunsa anadya phula. Tengani munthu wodziwako, kaya mphunzitsi wa ku sekondale kaya mwana wa m'mudzi amene anaphunzira za makompyuta, koma asakhale mnzache wa wogulitsa. Yendani masitolo atatu, ndipo m'sitolo iri yonse akulembereni mtengo pa pepala kuti mukaonetse komiti.

Musakhulupirire kapepala ka pa bokosi. Pemphani kuti makina ayatsidwe inu muli pomwepo. Pa Windows atsegule Settings, kenaka System, kenaka About, ndipo pamenepo mudzawerenga nokha dzina lonse la purosesa, kukula kwa RAM ndi mtundu wa Windows. Akuonetseninso ngati chosungiramo ndi SSD. Yesani mabatani onse a kiyibodi, lowetsani fulashi m'mabowo onse, yang'anani sikirini ngati iribe mizere kapena madontho, ndipo mverani ngati fani ikulira modabwitsa. Funsani ngati mtengo umene achula ukuphatikiza sikirini, kiyibodi, mausi ndi mawaya, chifukwa ena amachula wa bokosi lokha.

Potsiriza landirani lisiti lokhala ndi dzina la sitolo, tsiku, nambala ya makinawo imene iri pa bokosi, ndi miyezi ya waranti. Lisitilo lisungidwe ndi msungi-chuma. Wogulitsa akakana kukwaniritsa zimene analonjeza, mungakadandaule ku bungwe la Boma loona za malonda achilungamo la Competition and Fair Trading Commission, koma popanda lisiti mlandu wanu udzakhala wobvuta.

Mukafika nayo kwanu, iikeni pa thebulo, osati pansi pamene pali pfumbi ndi chinyezi, ndiponso patali ndi malo odontha. Muipfunde nsalu ikazimitsidwa, koma ikamayaka ichotseni kuti mpweya uzilowa. Musadyere pafupi, kuopa kuitana mphemvu ndi makoswe amene amadya mawaya. Lachisanu liri lonse mlembi akope mabuku a gulu pa fulashi, ndipo fulashiyo ikagone ku nyumba ya wapampando.

Tsono mlembi ndi msungi-chuma aja akaimirira pa msonkhano, wina nafunsa chifukwa chimene sanatengere yodula ija, kapena chimene sanatengere yotsikitsitsa, aturutse pepala la nchito limene analemba poyamba, mapepala a mitengo a masitolo atatu, ndi lisiti. Alimi amadziwa kuwerengera, ndipo adzamvetsa.